Masamba a Pamsewu wa ku Lobi

Linali Lachiwiri m'mawa. Ndinkapuntha nyemba pabwalo, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu. Bambo anali pakhonde, akulembera pabondo.

Bambo anga anali loya. Ankaimira anthu amene boma linkawatsekera popanda mlandu. Ofesi yawo itatsekedwa tinabwerera kumudzi ku Lobi, koma anthu ankabwerabe, ena wapansi kuchokera ku Kabwazi. Ine ndinkanyinyirika, poti wophika tiyi wa alendowo ndinali ine.

Mayi wina anafika akuthamanga, mpango uli kumanja. Anati lole ya anyamata a chipani ili pasitolo. Amenya kale anthu atatu, akufunsa nyumba ya loya.

A Gerevazio, mlimi wa kachewere amene bambo anawatulutsira mwana kundende, sanafunse munthu. Anathyola nthambi n'kuziyala pamsewu. Kwathu masamba pamsewu ndiye kuti pali maliro. Wanjinga amatsika, wachipewa amavula. Kuyala masamba popanda womwalira ndi malaulo, ndipo aliyense ankadziwa. Palibe anatsutsa.

Anawakulunga bambo m'mphasa n'kuwagoneka pamachira a nsungwi. Amayi a kwaya anayambitsa nyimbo ya maliro. Anthu anasiya makasu m'minda n'kutilondola. Ine anandiuza kuti ndilire. Sindinachite kuyeserera.

Lole inatipeza pakamlatho. Inaima.

"Watisiya ndani?" anafunsa wamkulu wa anyamatawo.

"Munthu wathu," anayankha a Gerevazio, osatembenuka.

Ndinaona anyamata aja, zibonga zili m'manja, akuvula zipewa mmodzimmodzi. Wina anaweramitsa mutu. Machira anadutsa pafupi zedi moti mphasa inakhudza tayala.

Manda tinangowapitirira. Tinakwera phiri, onyamula akusinthana mapewa, nyimbo osaduka. Dzuwa likupendeka tinaima m'munda wa chimanga. Kumeneko kunali kale ku Mozambiki.

Anamasula mphasa. Bambo anadzuka, thukuta lili kamukamu, cholembera chikadali m'dzanja. Munthu amene ankayankhula tsiku lonse m'khoti anagwada pamzere n'kuwomba m'manja katatu.

Bambo anatsala komweko. Anabwerera kwathu zinthu zitasintha, ndipo anafa ndi ukalamba. Pamaliro awo enieni masamba anafika mpaka kusitolo.

Koma a Gerevazio anyamata a chipani anadzawatenga Lachinayi la sabata yomwe tinathawitsa bambo ija. Mtembo wawo sitinauone. Masamba awo sitinayale mpaka lero.