Dixon Chimbalanga ndi Masewero a ku Bilston

Bambo Dixon Chimbalanga sankadziwa kukhala pansi. Anafika ku Handsworth, kutsidya kwa nyanja kudziko la azungu, mu 2002 potsatira akazi awo, Mayi Vailet, amene anali namwino. Ntchito anaipeza pa koleji ina, yosamalira bwalo la masewero. Ataona anyamata akukhamukira mpira ngati nkhuku pa madeya, analowerera osaitanidwa. Chaka chisanathe anali kochi wa timu ya pakolejipo.

Ambiri mu timuyo anali ana a Amalawi. Mvula kaya chisanu, bambowa ankangozungulira m'mbali mwa bwalo akukalipa, anyamatawo n'kumapambana. Mu 2007 ligi ya makoleji a m'deralo inawasankha kukhala wapampando, ndipo timu anaisiyira Willard, kaputeni wawo wakale.

Lachitatu lina kunabwera uthenga woti mayi a goloboyi wa timuyo amwalira ku Ntcheu. Timu yonse inapita kukakhala naye kunyumba kwake ku Handsworth komweko m'malo mokasewera ku Bilston. Bambo Chimbalanga nawonso anali pamaliropo, poganiza kuti Willard waimbira foni a ku Bilston. Willard naye anati popeza wapampando ali pompo, ligi yamva kale. A ku Bilston anadikira pamphepo mpaka kutopa.

Lamulo linali loti timu yojomba osanena ilandidwe mapointi atatu. Kwa anyamatawo, kumeneko kunali kutsika gawo mu ligi.

Tsiku loti komiti ya ligi igamule nkhaniyi, Willard anawapeza Bambo Chimbalanga akuyendayenda panja pa chipinda cha msonkhano.

"Madala, inuyo mumatsogolera nyimbo pamaliro paja. Kawauzeni azunguwa mwambo wathu."

"Mwambo wathu umati maliro amatumizidwa uthenga. Iwe unatuma ndani?"

"Ndiye mutilanda mapointi, ife ana anu?"

"Akanajomba a ku Bilston ukanati chiyani?"



Komiti inagawikana pakati, mawu omaliza n'kutsalira wapampando. Anaimirira, nanena poyera kuti nawonso anali pamaliropo ndipo sanafunse ngati uthenga wapita ku Bilston. Kenako anavota kuti mapointi achotsedwe. Timu imene anaiumba ndi manja awo inatsika.

Anakhala pampandowo mpaka 2009, ndipo matimu a Ajamaika ndi azungu sanawakayikirepo. Achimwene awo atamwalira ku Dedza chaka chomwecho, Willard ndi anyamata onse anabwera kunyumba kwa bambowa, poti maliro n'kulirana. Anaimba, anatsuka mbale, anatsanzika mwaulemu. Koma nkhani ya mpira palibe amene anawayambitsiranso.