Mwana wa Nambala Wani ku Naperi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga a ku Nancholi, amene nkhani siiwadutsa. Anamva ku mvano kuti bungwe lina ku Chichiri likufuna achinyamata okafunsa ana mafunso m'masukulu. Ine dipuloma inali ikuchita nkhungu m'sutikesi, ndiye sindinafunse zambiri. Ndinangosita siketi n'kukwera minibasi.

Kafukufukuyo anali woyeza mtima wofuna kuchita zonse mosaphonyetsa, komanso mantha amene ana ena amakhala nawo oti anthu angaone kuti alakwitsa. Aliyense wa ife anapatsidwa tabuleti, pawabanki ndi khadi lojambulidwa makapu asanu, kuyambira yopanda kanthu mpaka yodzaza. Ine ndinkawerenga chiganizo, mwachitsanzo chakuti ndikalakwitsa ndimabisa, ndipo mwana ankaloza kapu yosonyeza kukula kwa vutolo mwa iye. Tabuleti inkaphatikiza yokha. Ikaonetsa chizindikiro chofiira, mwanayo ankatumizidwa kwa mlangizi. Ikaonetsa chobiriwira, basi, wotsatira alowe. A Mbewe, amene ankatiyang'anira, ankati tisathandize mwana kuyankha, tisasinthe nkhope, ndipo tisaonjezere zathu.

Chimene sanatiphunzitse n'chakuti kwathu kuno mlendo timamukonzekera. Tsiku lina tinapita pa sukulu ina ya pulayimale ku Naperi. Tinapeza pabwalo posesa, miyala atapaka laimu, ndipo ana amene tinawasankha mwamaere atabisidwa m'makalasi. Ahedi anatibweretsera anzeru okhaokha, atawachenjeza kuti asachititse manyazi sukulu. A Mbewe atadandaula, iwo anangoseka n'kunena kuti mlendo sapatsidwa mbale yong'aluka. Ndinapsa mtima, koma ndinali ndani ine, wantchito wa dzulodzulo?

Mwa anawo munali Tadala wa Sitandade 8, amene sanalawepo nambala ina kupatula wani. Aphunzitsi ake, mayi ofatsa, anandinong'oneza pakhonde kuti ndimuonetsetse bwino. Anati mayeso akayandikira amasanza, ndipo tsiku limene mnzake anamuposa masamu anabisala m'chimbudzi mpaka kuweruka. Iwo analibe kopita naye, ndiye ankayembekezera kuti ife timufikitsa kwa mlangizi.

Tadala analowa mwaulemu, yunifolomu yosita mpaka mizere kuima. Koma zala, mayo ine! Zikhadabo anali atazidya mpaka mnofu, chala chachikulu chili ndi chilonda chosapola. Amayi ake, amene anayenera kungosaina chilolezo kunyumba, anabwera okha atavala zakutchalitchi, n'kukhala pa benchi panja, pafupi ndi windo.

Ndinamuuza kuti palibe yankho lolakwa, ndipo zimene anene sizituluka m'chipindamo. Anati inde madamu. Ndinawerenga chiganizo choyamba. Anayang'ana nkhope yanga, kenako windo, n'kuloza kapu yopanda kanthu. Chachiwiri chimodzimodzi. Saopa kulakwitsa, sabisa kanthu, amagona bwino, makolo ake samukakamiza. Pansi pa desiki chala chija chinali chikutuluka magazi, iye akuchifinya ndi siketi. Ine ndinkangodina zimene waloza, nkhope ili gwa monga anatiuzira.

Titamaliza anaimirira, n'kufunsa motsitsa mawu:

"Madamu, ndakhoza?"

Ndinamuuza kuti awa si mayeso. Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti walephera. Anandithokoza, n'kutuluka. Tabuleti inaonetsa chobiriwira.

M'galimoto pobwerera ndinawachonderera a Mbewe kuti mwana ameneyu yekha timutumize kwa mlangizi. Ndinafotokoza za zala, za windo, za chimbudzi. A Mbewe sanali munthu woipa. Titafika pa Chichiri anati:

"Mwanawe, timalemba zimene mwana wanena, osati zimene iwe waona."

Anatinso mlangizi ndi mmodzi, ana a chizindikiro chofiira ndi ambiri, ndipo ngakhale titamutumiza, amayi aja sangavomere kuti mwana wawo ali ndi vuto.

Zotsatira za mayeso zitatuluka ndinakumana ndi aphunzitsi aja mumsika wa Limbe. Tadala anakhoza, koma sanasankhidwire ku sukulu yogonera imene banja lonse linali litalengeza kale kutchalitchi. Anasankhidwira yoyendera. Anadzitsekera m'chipinda, kudya osadya, kuyankhula osayankhula, ndipo sukulu itatsegulidwa sanapiteko. Aneba akafunsa, amayi ake amati ali ku holide kwa achibale. Ndinawatsanzika n'kumapita ndi jumbo yanga ya tomato.

Chimene ndinatolapo n'chowawa, ndipo sindinachipezere mankhwala. Mwana woopetsetsa kuoneka wolakwa ndi amene amakuyankha bwino kuposa onse. Ntchitoyi ndikugwirabe. Ana olira sandidetsa nkhawa kwenikweni, poti amapeza wowathandiza. Amene amandisowetsa mtendere ndi aulemu aja, amene amati zonse zili bwino.