Fayilo ya Griffin, Dzina la Latifa

Griffin Mhone amakonza mafoni ndi makompyuta pa Chintheche. Ndi iye amene anaphunzitsa Latifa, mwana wa mnzake wogulitsa usipa, kulemba mapulogalamu. Ntchito yawo ankaisunga pa seva, kompyuta yakutali imene imakumbukira chilichonse chimene munthu wasintha mu pulogalamu.

Tsiku lina sevayo inazima Griffin atatumizako fayilo ya dzina lalitali kwambiri. Iye ananamizira netiweki n'kupita kukadya. Latifa anatsala akufufuza, ndipo anapeza kuti dzinalo linkasefukira malo amene seva inalikonzera m'memore, moti wakuba wa pa intaneti akanatha kulowera pomwepo n'kuba ntchito za anthu. Anadziwitsa eni pulogalamu ya sevayo. Iwo anakonza vutolo n'kumuthokoza poyera pa intaneti.

"Fayiloyo inali yanga," anatero Griffin, mtima ukumuwawa.

"Ndinawauza zimenezo, amalume, koma sanakutchuleni," anayankha Latifa.

Griffin sanamuyamikire. Kuyambira pamenepo, kasitomala akafunsa za Latifa ankamuuza kuti watuluka, chonsecho ali kuseri akugwira ntchito. Latifa atapeza ntchito ku Mzuzu, Griffin sanamuperekeze pokakwera minibasi.