Thalauza lomwe anandisokera Fyson

Anzanga, Fyson ndinakumana naye mu 1985 pakhonde la sitolo ku Chibavi, akupalasa makina ake osokera.

Ine ndinali kamtsikana ka ku Chipata, ku Zambia, nditangofika ku Mzuzu kudzagwira ntchito ya unesi. M'chikwama ndinali nditabisa thalauza lothyoka zipi. Ana a lero simungamvetse... nthawi imeneyo mkazi kuvala thalauza m'Malawi unali mlandu.

"Monire adumbu," anandipatsa moni wa Chitumbuka. "Tisoke chiyani?"

Ndinatsegula chikwama pang'ono. Anasuzumira, n'kuyang'ana kumsewu, n'kuseka chapansipansi.

"Ndinu a ku Zambia eti? Don't worry. Nanenso ndinabadwira ku Kitwe, adada ankagwira ntchito ya mumgodi."

Basi anzanga, ine kumva Kitwe mtima unangoti phwii! Ukakhala kwa eni, aliyense wotchula kwanu amasanduka m'bale.

Kusungulumwa kunkandipweteka kwambiri, ndiye ndinayamba kusaka anthu akwathu. Ndikamva munthu kumsika akufunsa mwa kalankhulidwe ka kwathu kuti "ni zingati?", ndinkamulondola mpaka andiuze komwe amakhala. Ba Mabel, mkazi wa mphunzitsi wina, ndinawapeza choncho. Ba Boniface nawonso, dalaivala wa lole amene ankatibweretsera makaseti a kalindula ndi mizu yofululira chakumwa cha munkoyo kuchokera ku Lundazi.

Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse, tikaweruka ku tchalitchi, onse ankasonkhana kwanga ku Katawa. Kanyumba kaja kankasanduka Zambia.

Azimayife tinali ndi kachitidwe kathu. Tinkabwera titapindira mathalauza m'mawondo, chitenje pamwamba, ngati amayi aulemu wawo. Tikatseka makatani, zitenje pansi, gule! Wachilendo akagogoda, ba Boniface ankazimitsa kaseti n'kuyambitsa nyimbo ya m'tchalitchi, ife kupinda, kumanga, kukhala pansi.

"Stella, telala wakoyo ukumudziwa bwino?" anandifunsa ba Mabel.

"Ndi wathu ameneyu, ba Mabel. Wa ku Kitwe."

Fyson analowa m'gulu. Anatisokera mathalauza tonse, langa la buluu anasoka mizere iwiri kuti lisadzasosoke. Ankandibweretsera nsomba za batala ndi nthochi kuchokera kwawo ku Nkhata Bay. Ankanditchula kuti "my nurse". Ndinamukonda, sindikubisirani.

Koma nsanje, mayo ine!

Tsiku lina ndinavina ndi ba Boniface, bambo woti akanatha kundibereka. Alendo atangochoka, Fyson anakhoma chitseko.

"Dalaivala uja amakupatsa chiyani?"

"Iwe, wapenga?"

Mbama inandigwetsera pa mpando. Ndisanadzuke anandiponda pamimba, n'kutulutsa sizasi m'thumba, n'kundigunditsa pakhosi. Inali yozizira.

"Ndikhoza kukudula ngati nsalu, wamva?"

Atandisiya ndinalavula magazi, n'kumuuza kuti: "It's over. Pakhomo pano usadzapondenso."

Anaseka. "Yewo chomene. Tionana."

Sindinauze aliyense. Mlomo wotupawo ndinati ndagwa kubafa.

Mwezi wotsatira, dzuwa lili pamutu, gule atafika pokoma, chitseko chinagunda. Gu! Gu! Gu!

Kaseti zii. Nyimbo ya Mulungu inayamba. Pomwe ndinkatsegula n'kuti onse ali pansi, zitenje mpaka m'mapazi.

Analowa anyamata achipani, zibonga m'manja.

"Tamva kuti pano pali msonkhano wa anthu akunja," anatero wamkulu wawo.

"Ndi mapemphero, bwana," anayankha ba Boniface.

Wamkulu uja anatiyang'ana mmodzimmodzi. Anachita manyazi ndithu, mpaka anavula chipewa. Anali atatembenuka kale kuti azipita...

"Auzeni amasule zitenjezo."

Mawu amenewo anachokera panja. Ndinawadziwa ndisanaone nkhope.

"Apindira m'mawondo," anatero Fyson, atatsamira chitseko. "Anabwera kuti ndiwasokere, ine ndinakana."

Anzanga, zomwe zinachitika kenako ndimazilotabe.

Anyamata aja anatikoka zitenje ngati akusenda chimanga. Ba Boniface ataimirira kuti atitchinjirize, anawaphwanyira wailesi kumutu, magazi mpaka pa makatani. Ba Mabel anali ndi pakati. Anagwada, manja m'mwamba.

"Ana anga, ndine woyembekezera!"

Nsapato inawapeza pamimba pomwepo.

Ndinadzigwetsa pa iwo kuti ndiwaphimbe. Chibonga chinatera pakhutu langa lamanzere, dziko lonse linangoti zii. Ndili pansi ndinkaona mapazi a Fyson pakhomo. Sanasunthe.

Anatiyendetsa mumsewu wa Katawa, mathalauza ali poyera, ana akutikuwiza. Azimayi omwe ndinkawabaya jakisoni ankayang'ana kumbali. Sindiwada, nawonso ankaopa.

Mwana wa ba Mabel sanabadwe.

Pasanathe sabata aboma anatikweza lole kutibwezera kwathu. Ulendo wonse palibe anandilankhula. Titayandikira malire, ba Mabel anatukula mutu. Sanakalipe. Anangonena motsitsa, kukhutu langa lomwe linatsala:

"Stella, paja unati ndi wathu."

Lero ndine gogo. Mukandilankhula kumanzere sindikumvani. Ku Mzuzu sindinabwererenso, ndipo za Fyson sindinafunsepo munthu.

Atsikana inu, mwamuna akakumenyani kamodzi, uzani anzanu tsiku lomwelo. Ndipo kubadwira kwanu sikupangitsa munthu kukhala wanu.

Thalauza la buluu lija ndikadali nalo m'sutikesi. Linang'ambika m'mawondo tsiku lomwe lija, pali dontho la magazi a ba Mabel lomwe linakana sopo.

Koma msoko wa Fyson, anzanga, mpaka lero sunasosoke.