Ndodo ya gofu yapezeka kudenga

Mwaswera bwanji nonse.

Lero pophwasula denga la nyumba yakale kuno ku Dambe, amisiri apeza ndodo ya gofu ya bambo ija. Yachita dzimbiri, koma ndi yomweyo imene anabwera nayo atasiya ntchito yonyamulira azungu zikwama ku bwalo la gofu ku Blantyre, matipate atangoyamba kumene. Mukukumbukira tikumenya nayo mandimu aawisi pachitunda cha kuseri kwa khola, mayi akukalipa kuti tikutha zipatso?

Ndiye ine ndati ndiyesere pachitunda chomwe chija. Ndaika ndimu pansi, ndaphonya kawiri, kachitatu ndangokumba dothi.

Bambo anali pakhonde, ndipo mukudziwa kuti chimwalirireni mayi sayankhulayankhula. Ndangomva, "Iwe Esnati, ndimulo lili pamtunda kuposa mapazi ako. Gwirira ndodo m'munsi, uwongoke pang'ono, ndipo usamenye mwaukali."

Ndati bola ndilisunthire posalala. Akana. "Pomwe mpira wagwera, ndi pomwepo umaumenyera."

Kenako adzuka okha osagwira munthu. Aima pachitundapo, amenya kamodzi basi. Ndimu lija lakagwera m'munda wa nandolo. Aseka mpaka kutsokomola, kuseka kuja tinakuiwala kalekale.

Tsono achimwene a Lameki akuti ndodoyo ndi chitsulo chabe, tiwapatse anthu otola zitsulo zakale aja. Ine ndakana. Inu mukuti bwanji? Chifukwa mpaka pano ili pamiyendo pa bambo, akuipukuta ndi mpango wa mayi.