Otsuka Mbale Kumathithi

"Amake Rudo, bwanji simukwera nafe kumathithi pa Khirisimasi?" anandifunsa mnansi wanga dzulo. Ndinangoti mwana akutsokomola.

Chaka chimene ufa unasowa m'masitolo a ku Shurugwi, ndili kamtsikana, bambo ananditenga kukwera kanjira koterera ka m'phiri kopita kumathithiko, atanyamula mbale yathu yachitsulo. Madzi ankagwa mogonthetsa m'khutu, timadontho tikundizizira kumaso. Munsi mwake amuna anali atawerama, akupukusa mbale m'matope.

"Baba, akazi awo ali kuti, poti akutsuka okha?"

Bambo anaseka pang'ono. "Ndi makorokoza, mwanangu, akufuna golide. Nanenso ndayamba lero."

Mvula itabwera, dzenje limene bambo ankakumbamo golide linawagumukira. Chaka chimenecho ndinataya bambo, nyumba yathu ya kukomboni, ndi sukulu.