Kumufuna Mlongo Wanga wa Kabaza

Mlongo wanga ndi mzime m'mimba mwa amayi athu. Iwo atamwalira iye anali asanamalize pulayimale, ndiye ndinamulera ndine, ndi ndalama za tomato ndi anyezi amene ndimapikula ku Lizulu n'kumagulitsa pamsika wa Nsipe. Atakula n'kukwatira anayamba kabaza. Njinga yamoto sinali yake, inali ya bambo wina wa golosale pamsika pomwepo. Ntchito yake inali kutenga anthu pamsewu waukulu n'kukawatula m'midzi ya mkati, nthawi zina mpaka ku Champiti.

Chaka china, mvula isanayambe, apolisi apamsewu anamugwira. Analibe laisensi, ndipo munthu amene anamukweza analibe helemeti. Anamulembera kapepala koti akalipire chindapusa. Mwini njinga atakaona anangoti, "Wagwidwa ndiwe, osati ine." Mlongo wanga anakapinda kapepalako n'kukaika m'thumba la jekete.

"Kalipire, iwe," ndinamuuza. "Za boma sizimaola."

"Achemwali, musadandaule. Ndikapeza ndikalipira."

Sanalipire. Kuyambira pamenepo ankati akaona apolisi patali, amakhotera m'tinjira ta m'minda n'kukatulukira kutsogolo. Anzake ambiri ankachita chimodzimodzi, ndipo pa siteji ankasekerana pofotokoza mmene athawira.

Lachisanu lina m'mawa, ndikuyala tomato, mlamu wanga anafika ali ndi mwana kumbuyo. Sanandipatse moni n'komwe.

"Alamu, bambo ake a mwanayu sanabwere dzulo. Foni sikupezeka."

Ndinasiyira mnzanga wa benchi yoyandikana malonda anga, tinapita pa siteji ya njinga. Anyamata amene masiku onse amatithamangira kulimbirana kutikweza, tsikulo aliyense anapeza chochita ndi njinga yake. Wamkulu wawo ndi amene anabwera, atavula chipewa. Anati dzulo masana pachitika ngozi pamsewu waukulu, kumtunda kwa msika. Iye sanaone ndi maso. Ena akuti anthu anafuna kumumenya mlongo wangayo, apolisi n'kumulanditsa. Ena akuti anamunyamula ali gone, osayankhula.

Ndinamuuza mlamu kuti abwerere kunyumba ndi mwana. Ine ndinapita ku kapolisi kakang'ono ka pafupi. Wapolisi amene ndinam'peza anandilandira bwino, koma analibe zambiri.

"Nkhani imeneyo yapita ku boma, mayi. Pafa munthu."

"Wafa ndani?"

"Ine ndalowa ntchito m'mawa uno. Pitani ku boma."

M'minibasi yopita ku boma ndinakhala ngati mtolo. Kondakitala anachita kundigwedeza kuti ndilipire. Sindinayambire kupolisi, ndinayambira kuchipatala. Ndinayenda mu wodi ya amuna bedi ndi bedi, kuyang'ana nkhope za anthu osawadziwa, ena atakulungidwa mitu moti ndinkachita kuyang'ana mapazi. Kulibe. Namwino wina anandilozera kanjira kopita kumochale. Bambo wogwira ntchito kumeneko anandifunsa kuti ndikufuna mwamuna kapena mkazi. Nditati mwamuna, anapukusa mutu.

"Wa ngozi ya njinga dzulo anali mzimayi. Abale ake amutenga kale."

Ndinakhala pansi pakhonde pomwepo. Ndinati, "Zikomo Mulungu." Bamboyo anangondiyang'ana, n'kubwerera mkati.

Kupolisi ya pa boma anandiuza kuti inde, wanjinga uja ali m'manja mwawo, koma apita naye kuchipatala chifukwa wavulala mkono. Ndinabwereranso kuchipatala, anati apolisi amutenganso. Nditabwerera kupolisi, amene anandiyankha poyamba anali ataweruka, ndipo amene akuyendetsa nkhaniyo anali atapita kuntchito kwina. Mayi wina wapolisi, ataona kuti ndazungulira tsiku lonse, anandiitanira pambali.

"Musadzivutitse n'kuyendayenda. Mlandu woti pafa munthu sumathera pano. Sabata yamawa mukakhale kukhoti. Onse amabwera nawo kumeneko."

Ndinasiya chakudya ndi bulangete pa kauntala, osadziwa ngati zim'fika.

Lolemba ndinalawirira. Khoti ndinali ndisanalowepo chibadwire. Panja panali anthu ambiri pansi pa mitengo ndi pa mabenchi a pakhonde: madalaivala a minibasi atagwira timapepala tawo, azimayi a mabasiketi, azibambo ovala majekete a kutchalitchi. Aliyense ankayankhula motsitsa mawu. Ndinaima osadziwa koyambira, mpaka mayi wina wachikulire anasendera pa benchi n'kundikodola.

"Khalani apa, mwana wanga. Mutopa n'kuimirira."

Anali mayi wochepa thupi, wa manja olimba a munthu wolima, atamanga duku lakuda. Anati amachokera kuchigwa, kolima mpunga, ndipo wabwera ndi mkamwini wawo, bambo wachete amene anaima potero atatsamira khoma. Ndinawafunsa chawabweretsa.

"Za mwana wanga," anatero.

"Ine za mlongo wanga."

Sitinafunsanenso zambiri. Pamalo ngati pamenepo munthu sufunsa mnzako kuti wako walakwa chiyani.

Tinakhala limodzi tsiku lonse. Galimoto ya apolisi inabwera ndi akaidi, ndinathamangira, mlongo wanga munalibe. Ndinafunsa kalaliki wa khoti, anati dzina limenelo silili pa milandu ya tsikulo, ndiyesenso mawa. Nditabwerera pa benchi misozi inayamba yokha. Mayi aja anamasula kansalu, anatulutsa chinangwa chophika n'kundibenthulira.

"Idyani. Kulira ndi njala kumadwalitsa. Amabwera nawo, musataye mtima. Bola wanu mwamva kuti ali moyo."

Ndinadya. Ndinawagulira nthochi kwa mayi wogulitsa pageti. Anandifotokozera za mbalame zimene zikuwathera mpunga, ine ndinawafotokozera za kutsika mtengo kwa tomato. Posiyana anati nawonso auzidwa kuti abwerenso mawa.

M'mawa mwake ndinawapeza atandisungira malo. Dzuwa litakwera galimoto inalowa pageti. Amuna anatsika awiriawiri, atamangidwa unyolo dzanja ndi dzanja. Mlongo wanga anatsika chakumapeto. Mkono unali m'bandeji yakuda ndi litsiro, tsaya lotupa, diso limodzi lotsekeka, kumapazi kopanda nsapato.

"Ndi uyo! Amayi, ndi uyo!"

"Mwaona? Ndinakuuzani," anatero mayi aja, atandigwira phewa.

Iye anandiona, n'kugwetsa nkhope pansi.

Tinalowa m'khoti, ine ndi mayi aja tinakhala pa benchi imodzi, mkamwini wawo kumbuyo kwathu. Anayamba ndi milandu ing'onoing'ono ya pamsewu. Dalaivala wonyamula anthu mopyola muyeso, wina wa matayala akutha, wina wothamanga kwambiri. Aliyense ankavomera, woweruza n'kutchula chindapusa, munthu n'kutuluka kukalipira. Zinkathamanga ngati mzere wa kuchigayo. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndikagulitsa mbuzi ndi kukongola kwina, ndimutenga mlongo wanga tsiku lomwelo.

Kenaka anaitana dzina lake. Anaimirira m'kabokosi ka oimbidwa mlandu. Mantha anandigwira, ndinagwira dzanja la mayi aja, iwo anandifinya. Wapolisi woimira boma anawerenga mlandu: kupha munthu chifukwa choyendetsa njinga mosasamala, komanso kuyendetsa popanda laisensi. Ndiye anatchula dzina la womwalirayo.

Mayi aja anatulutsa mawu amene sindingathe kuwafotokoza, ngati munthu wamenyedwa pamimba. Anayang'ana mlongo wanga, anayang'ana ine. Pang'onopang'ono anasolola dzanja lawo m'dzanja langa n'kuliika pamiyendo pawo. Sanasunthe pa benchipo. Malo ena okhala kunalibe.

Woweruza, mayi wa magalasi wosakweza mawu, anafunsa, "Wamva mlandu wako? Ukuvomera kapena ukukana?"

"Ndikuvomera, bwana."

Wapolisi uja anafotokoza mmene zinakhalira. Mwana wa mayiwa anali atagulitsa mpunga pamsika, n'kukwera njinga ya mlongo wanga kuti abwerere kwawo. Ali pamsewu waukulu, mlongo wanga anaona apolisi kutsogolo. Anakhotera m'kanjira ka m'mbali ali pa liwiro, tayala linaterereka pa miyala, njinga inakaomba kakhoma ka simenti ka pa ngalande. Mzimayiyo anagwera mutu pakakhomapo. Helemeti analibe. Wapolisiyo anakweza m'mwamba kapepala ka chindapusa kamene anakapeza m'jekete, kuti khoti lione chimene ankathawa.

Woweruza anafunsa mlongo wanga ngati ali ndi mawu asanam'patse chilango.

"Bwana, mundikhululukire. N'koyamba kulakwa. Ndili ndi mkazi ndi mwana wamng'ono."

"Nayenso wasiya mwana wakuyamwa!"

Anali mayi aja. Sanakuwe, koma khoti lonse linamva. Wapolisi wa pakhomo anati pakhale chete. Woweruza anawayang'ana kanthawi, sanawadzudzule. Analemba kwa nthawi yaitali. Atamaliza anati pamsewu pakufa anthu ambiri chifukwa cha njinga, ndipo chindapusa sichikwanira pa mlandu woterewu. Anamulamula kukakhala kundende zaka zitatu akugwira ntchito ya kalavulagaga.

Panja ndinawapeza mayi aja akumanganso kansalu kawo. Ndinagwada pa fumbi patsogolo pawo.

"Amayi, pepani. Sindimadziwa."

"Dzukani. Simunayendetse ndinu." Kenaka anati, "Ine ndinabwera kudzangomuona nkhope. Ndimayesa ndi chimunthu choopsa. Kani ndi kamwana chabe."

Anamaliza kumanga kansalu kaja n'kupitiriza.

"Inu Lamulungu muzikamuona wanu, muzikam'patsira chakudya. Pitani, galimoto ingakusiyeni."

Mkamwini wawo anawagwira mkono, anatuluka pageti osacheuka.

Wapolisi wolondera akaidi anandilola kuyandikira galimoto. Ndinkayesa mlongo wanga afunsa za mkazi wake kapena mwana. Anafunsa zina.

"Achemwali, amayi aja ndi amayi ake?"

"Eya."

"Anandiuza kuti ndichepetse liwiro. Anandigwira jekete n'kunena kuti achimwene, pang'onopang'ono. Ine ndinamva. Ndinamva bwinobwino."

Galimoto inalira, anapita naye.

Amalume athu ndi akulu awiri a mpingo anapita kuchigwa kukapepesa. Anawalandira, anawayalira mphasa, anamva mawu awo, koma chipepeso chimene anatenga anabwerera nacho. Mwini golosale anakaombola njinga yake kupolisi, anaikonzetsa n'kupatsa mnyamata wina, moti ndinkaiona tsiku ndi tsiku ikudutsa pa benchi yanga. Mlamu wanga anapirira chaka choyamba. Chachiwiri anabwera kudzanditsanzika mwaulemu, n'kubwerera kwawo ndi mwana. Sindinamuletse. Kunyumba kunalibe chodya.

Ine ndinkapita kundende ndikapeza yoyendera, nditanyamula ufa, usipa ndi sopo. Ulendo uliwonse ndinkam'peza wachepako. Mkono uja unapola mopindika. Anayamba kutsokomola, anamuika pa mankhwala a chifuwa chachikulu, khungu linatuwa ndi mphere. Sankadandaula. Tinkangoyang'anana pa waya, iye n'kufunsa za mvula.

Anatuluka nthawi yake isanakwane chifukwa cha khalidwe labwino. Anafikira kwa ine. Masabata oyamba sankatuluka m'nyumba. Tsiku lina ndikusankha anyezi anabwera kudzakhala pambali panga.

"Achemwali, mundiperekeze kuchigwa. Ndikufuna ndikagwade ndekha."

Ndinamuuza kuti akuluakulu anapita kale, asakatokose chilonda. Anati sagona tulo. Ndiye tinapita, mwezi wa Okutobala, kutentha kwa kuchigwa kukuwawula. Tinatsika minibasi pamphambano n'kufunsira njira kwa anthu a m'minda ya mpunga. Titafika, tinaima kumapeto kwa bwalo n'kuodira. Anatuluka mkamwini uja. Anandizindikira ine kaye, kenaka iye. Kumbuyo kwake kunatuluka kamtsikana kovala diresi yaikulu kuposa msinkhu wake, kakuyamwa chala.

Mlongo wanga anagwada. Ndinafotokoza chimene tadzera, ndinapempha kuonana ndi amayi.

"Amayi tinaika chaka chatha," anatero bamboyo. "Chimwalirire mwana wawo sanakhalenso bwino."

Mlongo wanga anayamba kuyankhula, koma bamboyo anakweza dzanja.

"Ndamva kuti mwabwera. Boma linakulangani, ine ndilibe nanu mlandu. Koma mpando sindikupatsani, ndipo kumanda simupita. Mwanayu sadziwa kanthu, sindikufuna ayambe kufunsa. Bwererani dzuwa lisanapendeke."

Ananyamula kamtsikanako n'kulowa m'nyumba. Mlongo wanga anakhalabe chogwada mpaka ndinam'dzutsa.

Kubwerera kumsewu kunali kutali, ndipo iye ankaima pafupipafupi kutsokomola. Anyamata a kabaza ankatipeza m'njira, kuliza hutala n'kumati, "Tiyeni amayi, tikakutuleni!" Iye ankapatukira m'udzu kuti adutse. Tinayenda wapansi mpaka pamphambano. Panopa amasenza matumba a mbatata ku Lizulu ndi mkono umodzi wabwinowo, ndipo mwana wake amamuona mwa apo ndi apo, akalola akuchikazi.